Ahedi Sanandifunse Kachiwiri

Takondwa ndi Lonjezo, ana anga, chigawo chino ndachilemba m'Chichewa dala. Ndikudziwa kuti mudzawerenga mukulondola ndi chala, mwinanso kuimbira foni azakhali anu kuti akuthandizeni. Koma nkhani ya ulendo wa ku nkhalango za anthu a mtundu wa Amaya ndikaiyamba m'Chingerezi imatuluka ngati nkhani ya mayi wokoma mtima, pamene ine sindinaimve choncho. Za ubwana wanga munazimva mpaka kutopa nazo, ndiye ndiyambira pa ntchito.

Ku nazale, ntchito yanga yoyamba

Nditamaliza maphunziro a zankhalango ananditumiza ku nazale ina ya mitengo m'mapiri a ku Dedza. Bwana wanga anali a Kamwendo, bambo wamfupi wa mawu aakulu, amene ankati mkazi sangapirire mphepo ya mwezi wa Juni ali chiweramire pa mbande. Ndinapirira. Machubu ofesera ankasowa chaka ndi chaka, choncho tinkayenda m'magolosale kutolera mapepala a shuga n'kumawaboola ndi msomali. Wilibala inalipo imodzi, nayonso tayala lake linali lomanga ndi mphira. A Kamwendo anali aukali koma mitengo ankaidziwa. Ndiwo anandiphunzitsa kuti ukafuna kudziwa mmene dera linkaonekera nkhwangwa isanafike, uziyang'ana kumanda. Phiri lonse likhoza kumetedwa mpala, koma pamene pagona anthu mibawa ndi mikuyu imakhala ili chiimire, chifukwa palibe amene angalimbe mtima kukadula. Ine monga mkazi sindikanalowako chisawawa, ndinkaima m'mphepete n'kumalemba maina a mitengo imene maso anga afikapo.

Tsiku lina anandiitana mu ofesi.

"Mayi Esinati, kwabwera malo amodzi a kosi ya ku Zomba. Mupite inu."

"Ayi bwana, alipo anzanga amene ndinawapeza pano."

"Ndati mupite inu."

"Nanga mbande ndisiyira ndani?"

"Mbande si khanda loti likuyamwa. Kakonzekeni."

Apo ndinavomera, ndipo chikwama ndinali nditachitsuka kale dzulo lake chifukwa mphekesera ndinali nditazimva. Umu ndi mmene tinaleredwera. Mwayi kapena udindo suulumphira pa kufunsidwa koyamba, ungaoneke wosusuka. Umakana, amakukakamiza, umakananso, ndipo akanena kachitatu umalandira ndi manja awiri, aliyense n'kuchokapo ndi ulemu wake.

Zaka zoyamba ku Dublin

Bambo anu atapeza ntchito ya unamwino kuno, ndinawatsatira ndili ndi inu awiri ndi setifiketi yanga mu envulopu. Setifiketiyo palibe amene anaifuna. Tinkakhala ku Swords, dera la pafupi ndi bwalo la ndege, ndipo monga anthu ambiri a kumeneko ndinalowa ntchito pa bwalopo. Ndinkakolopa pafupi ndi zipata zokwerera, kumawerenga maina a mizinda pa bolodi uku anthu akundidutsa ndi masutikesi. Wansembe wina wa ku parishi kwathu, amene anakhalapo ku Malawi ndipo ankandipatsa moni m'Chichewa cha m'mabuku, ndiye anandiuza kuti sukulu ina ya atsikana ikufuna munthu wosamala labu ya sayansi. Ndinakhala pa sukulu imeneyo mpaka kupuma.

Ntchito yanga inali kutsuka magalasi oyesera mankhwala, kusakaniza mankhwala a aphunzitsi, kukatenga mitima ya nkhosa kubutchala tsiku loti ana aziitumbula, ndi kusamala kanyumba ka mbewu komwe denga lake linkadontha. Mamaikulosikopu anali ochepa, ana ankachita kusinthana diso, koma kwa munthu wochokera ku wilibala ya a Kamwendo umenewo unali ulemerero. Ahedi anali Mayi Brennan, mayi wamtali woyenda ngati wasiya mphika pamoto, wachilungamo, wosakonda nkhani zozungulira. Chimene chinandisangalatsa mu sitafu rumu n'choti anthu a kuno akakupatsa tiyi n'kukana, sakusiya. Amafunsanso, n'kufunsanso, mpaka kapu ili m'manja mwako. Ndinauza bambo anu kuti azungu awa ndi abale athu, mwambo akuudziwa. Ndinafulumira kuwayamikira.

Ulendo utayamba

Amene anabweretsa ulendowu ndi Bambo Nolan, mphunzitsi wa jogalafe. Anagwirizana ndi kampani ina yaing'ono yoyendetsa ana asukulu kuti chaka chilichonse, nthawi ya Pasaka, atsikana a m'kalasi imene silemba mayeso a boma chaka chimenecho azipita ku Belize ndi ku Guatemala. Ankayamba akhala pa msasa m'nkhalango, kuthandiza alonda a kumeneko kuwerenga mbalame ndi kubzala mbande, kenako n'kuwoloka malire kupita ku Tikal kukaona akachisi a miyala amene Amaya anamanga kalekale, amene nkhalango inawameza mpaka kutsala nsonga zokha. Akuluakulu operekeza ankakhala atatu: Bambo Nolan, mphunzitsi mmodzi wamkazi, ndi mpando wachitatu umene ahedi ankapatsa amene amusankha.

Wokonzekeretsa anawo ndinali ine. Lachitatu lililonse akaweruka ankabwera ku labu, ndipo ndinkawaphunzitsa kumanga neti, kukutumula nsapato m'mawa kuopa chinkhanira, kusakhala pa chipika usanachiyang'ane, ndi chochita linthumbu likalowa m'hema. Ndinkawaonetsa kufesa ndi kuwokera mbande m'kanyumba kodontha kaja. Mabuku a Amaya ndinawawerenga onse a m'laibulale ya sukulu, ena a ku laibulale ya ku Swords. Nditapeza kuti mtengo wawo wopatulika ndi wa usufu, womwe uja tinkatola thonje lake n'kuika m'mapilo, ndinakhala tsiku lonse ndikumwetulira ndekha. Phunziro lomaliza chaka chilichonse linali la kumanda lija: kuti mtengo umatetezedwa ndi zimene anthu amaopa ndi kulemekeza, mpanda wa waya umangothandizira.

Koma ine kupita ayi. Ndege yawo inkadzera ku America, ndipo pasipoti yanga ya Malawi inkafuna viza yoti uyambe kuipempha mvula ya chaka chatha. Ahedi anandiuza mosabisa kuti sukulu singadikire. Ndiye mpando wachitatu unapita kwa mphunzitsi wa Chifalansa, amene ankakuwa akaona kangaude mu sinki ya labu. Chaka china unapita kwa wa masewera, amene atabwerako sanakambe china koma mmene dzuwa linamusupulira msana. Wina anabwerako osadziwa ngati Tikal ili ku Belize kapena ku Guatemala. Ndikuuzani poyera, ana anga, nsanje inkandidya. Ndinkawanyamulira bokosi la mankhwala mpaka pa bwalo la ndege, pomwe paja ndinkakolopa, n'kuwabayibitsa ndikuseka, koma m'basi pobwerera mtima unkachita kutentha ngati ndameza khala. Akabwerako ankandipatsa tizikwama toluka ta mitundumitundu, ati mphatso ya Esinati wathu. Tili m'dirowa ya m'chipinda changa, mudzagawane, ine sindinatigwiritsepo ntchito. Bambo anu ankangoti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine ndinkawayankha kuti nkhono imeneyo ndi yakhungu.

Chaka changa chomaliza

Pasipoti ya kuno ndinailandira bambo anu atatisiya kale, nditatsala ndi chaka chimodzi kuti ndipume. Ulendo wotsala kwa ine unali umodzi basi. Sabata yomweyo ndinalowa m'tauni n'kugula jombo zoyendera m'nkhalango, zachikopa, zofika m'akakolo. Sindinauze munthu, ngakhale inu. Loweruka lililonse ndinkazivala n'kumazungulira m'paki kuti zifewe, mvula kaya mphepo, mayi wa imvi akuguba ngati msilikali pakati pa anthu oyendetsa agalu.

Chaka chomwecho kutchalitchi kunabwera mtsikana wa ku Lilongwe dzina lake Tadala, amene ankachita maphunziro apamwamba a zosamala chilengedwe pa yunivesite ina, pa sikolashipu. Anali mwana waulemu, wogwada popereka moni ngakhale pa matailosi ozizira a mu holo ya parishi. Ankanditchula kuti mami ndipo Lamlungu lambiri ankadyera kwathu. Ine ndemwe ndinamutengera kusukulu kuti akayankhule ndi atsikana anga Lachitatu lina, ndikunyadira kuti aone kuti kwathu kuli ana ophunzira. Ndinadziitanira ndekha mkazi mnzanga m'nyumba. Anabwera ndi laputopu, mapu ojambula kuchokera kumwamba, ndi mawu a mbalame otuluka m'sipika. Atsikana amene kwa ine ankangomvetsera, kwa iye ankaimika manja mpaka belu. Ndinaona Bambo Nolan akulemba nambala yake ya foni, ndipo madzulo amenewo magalasi ndinawatsuka mwaphokoso.

Msonkhano wa mu Januwale

Tinali mu sitafu rumu tonse, aliyense ndi kapu yake. Ahedi atafika pa nkhani ya ulendo anavula magalasi n'kundiyang'ana.

"Esinati, ndamva kuti tsopano muli ndi pasipoti ya kuno. Mwakonzekeretsa ana athu zaka zonsezi. Kodi mungakonde kutenga mpando wachitatu chaka chino?"

Ndinayang'ana pansi monga munthu wolongosoka, n'kunena kuti, "Aa, Mayi Brennan, ine ndakula. Alipo achinyamata amene mwayi umenewu ungawathandize."

Ndinatseka pakamwa kudikira kuti anenenso. Yankho lachiwiri ndinali nalo kale, la labu yosowa woisiyira, ndipo lachitatu ndinali nditaliyeserera m'paki.

Ahedi anagwira pachifuwa. "Mwamva anzanga? Umenewo ndiye mtima wa Esinati. Chabwino. Bambo Nolan, muimbireni Tadala uja, paja munati viza ya ku America ali nayo kale."

Anthu anaomba m'manja. Wa Chifalansa uja anandisisita paphewa. Ahedi anavalanso magalasi n'kupita pa nkhani ya malo oimikapo magalimoto, ine ndili chigwirire kapu. Anthu omwewo amene sangakulole kukana tiyi, pa chinthu chimene ndinachidikira zaka zonsezo anandifunsa kamodzi kokha.

Mudzafunsa kuti bwanji sindinapite ku ofesi kukakonza. Ndinapita m'mawa mwake, ndinafika mpaka pakhomo. Ahedi atandiona anaimirira n'kundiuza kuti akomiti ya sukulu amva za kudzipereka kwanga ndipo akhudzidwa kwambiri, komanso kuti Tadala analira pa foni ndi chimwemwe. Amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma ine ndinangofunsa za oda ya magolovesi n'kubwerera ku labu.

Loweruka la Tadala

Patapita masiku Tadala anabwera kwathu ku Swords masana, osaimba foni. Sanavule jekete. Ndinamuikira tiyi ndi mandasi, iye n'kukhala m'mphepete mwa sofa.

"Mami, ndamva zimene zinachitika ku staff meeting. A Nolan akuti munakana nokha. Koma atandiuza mawu amene munanena, ndinadziwa kuti simunakane."

"Unadziwa bwanji?"

"Ndine mwana wa kwathu, mami. Mayi anga anakana u-chairlady wa kwaya kawiri konse, suti atasoketsa kale."

Ndinaseka pang'ono, iye sanaseke.

"Monday ndikupita kwa a principal ndikawauze kuti sinditha. Mupite inu."

"Ayi mwanawe, pita iwe. Anakusankha ndiwe." Kenako ndinafunsa, chifukwa mphekesera ndinali nditazimva kutchalitchi, "Nanga za ntchito zija n'zoona?"

Anayang'ana m'kapu. "Permit yanga ikutha September. A company aja anati ndikayenda bwino ndi ma student, andipatsa contract, ndiye ndikhoza kutsala kuno. Apo ayi ndiye kubwerera, ndipo kunyumba ma sister anga awiri fees ndi ine. Koma zimenezo ndi zanga, mami, Mulungu aona. Inu mwadikira nthawi yaitali, ndipo ino ndi last chance. Mupite."

"Mawondo angawa sangakwere masitepe a akachisi aja," ndinatero. Linali bodza. Mawondo anga nthawi imeneyo akanakwera Mulanje.

Kawiri kanakwana. Tonse awiri tinkadziwa chotsatira, panalibe mzungu pakati pathu woti asokoneze. Anaika kapu patebulo. Anakoka mpweya. Ndinaona kuti anena, ndipo akanena sakhala akungochita mwambo, Lolemba apitadi ku ofesi. Ndinadziwanso bwino lomwe kuti akanena kachitatu ine ndivomera. Ndinali nditadziona kale pamwamba pa kachisi, nkhalango ili pansi panga, anyani olira ngati mikango amene ndinawawerenga m'mabuku akundilirira ine. Sindinkamuganizira Tadala ndi chisoni ayi. Ndinkamuyang'ana khungu losalala, zaka zonse zimene anali nazo kutsogolo, ndipo ndinkafuna kumulanda mpandowo ndi manja anga awiri. Koma kumbuyo kwake ndinkaonanso ana awiri a ku Lilongwe atabwezedwa kusukulu, ndi azimayi a kutchalitchi akunong'onezana kuti Esinati anadya tsogolo la mwana kuti akaone miyala.

"Mami, ine ndikunenetsa kuti..."

Ndinadzuka msangamsanga mpaka mbale ya mandasi inagwedezeka. "Umavala size yanji?"

"Six. Bwanji mami?"

Ndinalowa kuchipinda n'kutulutsa jombo zija pansi pa bedi. M'kakhonde ndinapemphera kuti zimuthine. Anavula nsapato zake, n'kulowetsa phazi, n'kumanga zingwe, n'kuyenda kuchoka pa sofa kufika pa windo. Zinamukwana ngati anachita kumuyeza, zofewa kale ndi mapazi anga. Anagwada pa kapeti n'kuyamba kulira, ine ndinamuuza kuti adzuke tiyi akuzizira, chifukwa ndikanayankhula zambiri zikanatuluka zina.

Pasaka ndi pambuyo pake

Bokosi la mankhwala ndinalongedza monga mwa masiku onse ndipo ndinalinyamula mpaka pa bwalo la ndege. Zithunzi za Tadala zinayamba kubwera pa foni tsiku lachiwiri. China anali pa nazale ya m'nkhalango, atanyamula mbande m'machubu enieni akuda. China anakumbatira tsinde la usufu, manja osafika n'komwe theka. Chimene chinandipweteka kwambiri anachijambula atakhala pa sitepe ya pamwamba pa kachisi: kutsogolo nkhalango mpaka kumene maso alekezera, nsonga za akachisi ena zitatulukira m'nkhungu, ndipo m'munsi mwa chithunzi mapazi ake awiri atawatambasula. Analemba kuti, "Mami, tafika." Ndinamuyankha mawa lake.

Atabwerako, mtsikana wina anandithamangira mu labu kudzandiuza kuti Tadala anawaphunzitsa chinthu chodabwitsa ali pamwamba paja, choti kwawo mitengo ya kumanda sidulidwa. Mwana ameneyu anali atakhala kutsogolo kwanga Lachitatu lomaliza ndikunena mawu omwewo. Ndinangoti n'zoona, kwawo amatero.

Ntchito ija a kampani anamupatsa Tadala. Azing'ono ake anamaliza sukulu, ndipo iye wapita ku nkhalango zija kambirimbiri, mwina panopa anyani a kumeneko amamudziwa ndi dzina. Pa phwando londitsanzika ahedi anakamba nthawi yaitali za mayi amene anapereka mpando wake kwa wachinyamata, anthu n'kupukuta misozi. Inu munalipo, munaomba nawo m'manja. N'chifukwa chake ndalemba izi, kuti pa maliro anga wina akadzaimirira n'kunena kuti ndinapereka ndi mtima woyera, inu mudzadziwe kuti ndinapereka mtima ukuwawa, ndipo ukuwawabe. Takondwa, unandiuza chaka chatha kuti undigulira tikiti ndipite ndekha. Ndinayamikira, koma mawondo amene ndinawanamizira aja anamva. Adokotala akuti ngakhale masitepe a basi ndiziwakwera mosamala.

Jombo zija Tadala anazibweza Lamlungu loyamba atafika kuchokera ku ulendo woyamba uja, m'pepala la pulasitiki, akundipatsira ndi manja awiri. Atapita ndinakhala pa bedi n'kuzitulutsa. Ndinazitembenuza kuti ndione kupansi, ndikuti mwina m'mizere ya mphira mwatsalira kadothi kofiira, kaya kanjere, kaya katsamba kouma koti ndikaike pa maikulosikopu ndione ndi maso anga. Koma Tadala analeredwa bwino, sangabweze chinthu cha munthu wamkulu chili chakuda. Anazitsuka ndi burashi mzere uliwonse, n'kuzipaka polishi.